Tiyambe Taona Munthu, Njinga Tiione Pambuyo

Tsiku lina m'mwezi wa July caka ca 2023, pamene ndinali paulendo wa nchito kucokera ku Petauke kupita ku Nyimba, tinapeza khamu la anthu litaunjikana m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East Road, pamalo pamene kanjira kocokera kumidzi kamatsikira m'tala. Njinga ziwiri zinali zitagundana. Imodzi inali ya mnyamata wothamangira kumsika, inayo inali ya bambo wina wa zaka za m'ma 40 amene ananyamula matumba awiri a nshawa pakeliyala.

Titatsika m'galimoto tinapeza mlandu uli m'kati. Anthu anali atazungulira njinga ziwirizo monga ngati ndizo zavulala. Wina anali kupenda wilo lopindika, wina kuwerenga masipoko oduka, ndipo akulu awiri anali atayamba kale kuwerengera ndalama zimene mnyamata uja ayenera kulipira. Amai ena okoma mtima anali kutola nshawa zimene zinamwazika m'fumbi. Koma mwini nshawazo anakhala yekha patsinde pa mtengo atagwira nthiti za kumanzere, ndipo aliyense womfunsa anali kumuyankha mau amodzimodzi: “Ine ndili bwino, ndangodzigunda pa handulo. Ndipatsenikoni madzi akumwa.” Pathupi pake panalibe bala, ngakhale kadontho ka magazi.

Mwa mwai, pakati pa anthu odutsa amene anaima kudzaona, panali amai ena acikulire amene anagwirapo nchito ya unamwino. Iwo anagwada, namgwira dzanja, nakokera pansi cikope cake, ndipo anaona kuti m'kati mwa diso mwayera. Dzanja linali lozizira ndi lonyowa thukuta, mtima uli kugunda mothamanga. Anabweza mtsikana amene anabwera ndi kapu ya madzi, natembenukira kwa ife nati: “Ana anga, galimoto iyi ndi ya Boma, ndipo munthu uyu ndi wa Boma. Mtengeni tsopano lino. Magazi ali kutayikira m'kati.”

Bambo uja anakana kwamtuwagalu. Anati sangasiye njinga ndi nshawa zake m'manja mwa anthu osawadziwa, ndipo mlandu sunathe. Anavomera pokhapo pamene a nyakwawa a mudzi wapafupi anadzipereka kusunga katunduyo pakhomo pao. Madzulo a tsiku lomwelo madokotala anamcita opaleshoni nacotsa kapamba amene anali atang'ambika. Ndinamva pambuyo pake kuti anacira nabwerera kumunda wake. Sindidziwa ngati ndalama za wilo lija anazilandira, ndipo sindinafunse.

Ndalemba nkhaniyi, okondedwa awerengi, cifukwa pamene ngozi ya njinga yacitika kuno kwathu, anthu sasowa. Amabwera mothamanga, ndipo amabwera ndi mtima wabwino. Cimene cimasowa ndico kudziwa coyamba kucita. Timayamba ndi njinga, katundu ndi mlandu, ndipo wovulalayo akangoti ali bwino, timamkhulupirira msanga cifukwa ndi mau amene tonse tinafuna kumva. Ine ndikuti tisinthe. Makolo anati mlandu suola. Udzazengedwa mawa, ngakhale mwezi wamawa. Magazi otayika ndiwo sayembekeza bwalo.

Kuno kum'mawa njinga ndiyo galimoto ya mlimi. Acikulire akumbukira njinga za Eagle zimene zinali kupangidwa pafakitale ya Luangwa Industries ku Chipata m'zaka za m'ma 1980, ndipo lero midzi yadzala ndi njinga za Buffalo ndi zina zamitundumitundu. Pa njinga timanyamula cimanga, thonje, makala, nthoci za ku Nyimba, mbuzi, mwana wa sukulu ndi mai wapakati. Njira zathu nazo zili ndi misampha yake: mcenga wa m'malimwe, matope a m'dzinja, zitunda ndi makhota a ku Kacholola, ndiponso mseu waukulu umene ciukonzereni mabasi ndi malole amathamangapo koposa kale. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa caka ndi caka pa ngozi za pamseu, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zopalasa ndi okwera njinga zamoto. Amenewa ndi anthu onga ife. Wokwera njinga alibe citsulo comchinga. Cimene cimayamba kugunda pansi ndi thupi lake.

Tsono munthu akagwa, nchito yoyamba ndiyo kuonetsetsa kuti ngozi imodzi isabale inzake. Pamseu waukulu tumizani anthu awiri, wina uku wina uko, akaime patali ndithu ndi pamalo a ngoziwo, athyole nthambi naziika pamseu monga acitira madalaivala a malole akafa panjira. Basi yodzala anthu siingaime pafupi, makamaka potsika citunda kapena pakhota. Usiku gwiritsani nchito tochi kapena kuwala kwa lamya ya m'manja. Khamu libwerere m'mbuyo, lipatse wodwala mpweya, ndipo pakhale munthu mmodzi wolamula. Anthu khumi akamalamula onse pamodzi, wodwala amakokedwa mbali khumi.

Pamenepo gwadani pafupi ndi wovulalayo, mumuitane, ndipo ngati mumdziwa mumchule dzina. Musamgwedeze, musamdzutse, ndipo musamthire madzi kumutu. Cizolowezi cathu ca kuthamangira kuimiritsa munthu kuti tione ngati angayende caluza ambiri. M'kati mwa mafupa a khosi ndi msana mumadutsa mtsempha waukulu umene umalamula manja ndi miyendo. Fupa likhoza kuthyoka mtsemphawo uli wamoyo, koma ife pomnyamula wina kumanja wina kumiyendo, mutu uli lendelende, tikhoza kuudula. Pamenepo munthu amene akanacira sadzayendanso moyo wake wonse. Ngati wovulala adandaula khosi kapena msana, ngati anena kuti manja kapena miyendo yacita dzanzi kapena yafooka, ngatinso wakomoka, mmodzi agwade kumutu kwake, agwire mutuwo ndi manja awiri kuti usatembenuke, ndipo asausiye. Msunthireni pokhapo ngati pamene wagonapo pali ngozi ina, ndipo pomsuntha mukhale anai kapena asanu, mutu, msana ndi miyendo ziyende pamodzi monga mtengo umodzi.

Munthu wokomoka muyang'aneni pacifuwa ngati ali kupuma. Ngati ali kupuma, coopsa ndi cakuti lilime, magazi kapena masanzi zingatseke njira ya mpweya ali cigonere cagada. Mtembenuzeni pang'onopang'ono agone cam'mbali, wogwira mutu uja atembenuze mutuwo pamodzi ndi thupi, kuti zotuluka m'kamwa zitayikire pansi. Ngati sali kupuma konse, mgonekeni cagada pamalo olimba, ikani manja anu awiri pakati pa cifuwa, limodzi pamwamba pa linzake, ndipo psinjani mwamphamvu ndi mofulumira, kokwanira 100 kufikira 120 pa mphindi imodzi, mosinthana ndi anzanu mukatopa. Iyi ndi nchito yofunika kuiphunzira ndi manja, osati pa nyuzipepala pokha, ndipo ndidzabwererakonso.

Magazi otuluka kunja amaopsa m'maso, koma ndiwo osavuta kuwaletsa. Tengani nsalu yoyera bwino, kaya citenje, mpango kapena malaya, muipinde ndi kupsinja pabalapo mwamphamvu kwa mphindi khumi osacotsa dzanja. Colakwa ca ambiri ndi kusuzumira kawirikawiri kuti aone ngati magazi aleka. Pakutero amasula magazi amene anayamba kuundana. Nsalu ikanyowa musaicotse, onjezani ina pamwamba pake. Ngati muli ndi bala padzanja lanu, valani pepala la pulasitiki loyera kuti musakhudze magazi a mnzanu. Sipoko, kamtengo kapena galasi zikalowa m'thupi mozama, musazizule, pakuti nthawi zina ndizo zatseka mtsempha. Kulungani nsalu m'mbali mwake kuti zisagwedezeke. Kumanga mwendo kapena mkono pamwamba pa bala ndi kwa pamene magazi ali kuthovoka ndipo kupsinja kwalephera. Pamenepo mangani ndi nsalu yotambalala, molimba kufikira magazi ataleka, osati ndi waya kapena malegeni a pakeliyala amene amadula mnofu, ndipo kumbukirani nthawi imene mwamangira kuti mukauze a cipatala.

Koma magazi amene ine ndimawaopa koposa ndi aja osaoneka. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwanira malita asanu, ndipo m'mimba mokha mukhoza kubisala malita awiri kapena kuposa, pakhungu palibe cizindikilo. Fupa la nchafu likathyoka, lita imodzi kapena kuposa ikhoza kutayikira m'nchafumo. Pa ngozi za njinga, handulo ndiyo mdani wamkulu, cifukwa wilo lakutsogolo likaima mwadzidzidzi nsonga yake imalasa pamimba kapena pansi pa nthiti. Kumanja kuli ciwindi, kumanzere kuli kapamba. Kapamba ndi ciwalo cofewa codzala ndi magazi, ndipo kuno kwathu kumene malungo amatigwira kawirikawiri, kapamba wa anthu ambiri, makamaka ana, amakhala wotupa ndi wosacedwa kung'ambika. Mwana wa sukulu akhoza kufika kunyumba ndi kacizindikilo kozungulira pamimba, konga ndalama yacitsulo, nabisa cifukwa coopa kukalipiridwa za njinga ya atate ake. Makolo, mwana akagwa panjinga musayambe ndi mkwapulo. Mvuleni malaya muone.

Zizindikilo za magazi otayikira m'kati ndi zimene namwino uja anaziona: ludzu lalikulu, thukuta lozizira, kuyera kwa zikhatho, milomo ndi m'kati mwa zikope, mtima wothamanga, kupuma mofulumira, cizungulire poimirira, mimba yopweteka kapena youma gwa. Nthawi zina kapamba wovulala amapweteketsa phewa la kumanzere ngakhale phewalo silinagunde pansi. Munthu wotere agone pansi, mumfunditse kuti asazizidwe, ndipo ulendo wa kucipatala uyambe pomwepo. Palibe cimene ife a kumudzi tingacite kuti tiletse magazi a m'mimba. Iyi ndi nchito ya dokotala wa opaleshoni, ndipo mphindi iliyonse imene titaya pokambirana imacotsedwa pa moyo wa wodwala.

Za madzi akumwa ndidziwa kuti ndi zowawa. Mwambo wathu sulola kumana madzi munthu wopempha, ndipo womana madzi wodwala amaoneka ngati mfiti. Komabe munthu wovulala kwambiri asapatsidwe madzi, thobwa, phala kapena cakudya ciliconse. Akhoza kusanza ndi kutsamwa, ndiponso ngati afunika opaleshoni, mankhwala ogonetsa amafuna m'mimba mopanda kanthu. Ngati milomo yauma, inyowetseni ndi kansalu. Kacasu amene ena amati amalimbitsa mtima ndiye asayandikire n'komwe, pakuti amabisa zizindikilo zimene dokotala afuna kuziona. Mapiritsi a asipirini nawonso ndi oletsedwa, cifukwa amacedwetsa magazi kuundana.

Tsopano ndifike pa nkhani ya mutu, imene ndi yolemera kwa ine. Ndili mwana wa pulaimale, amalume anga anagwa panjinga pocokera kumsika, nagunda mutu pamwala. Anthu amene anaona anati anakomoka kanthawi kocepa, kenaka anadzuka, nasasa fumbi, naseka, nakwera njinga yao kubwerera kwathu. Madzulo anadya nsima pang'ono, nadandaula mutu, nasanza kamodzi. Tinati ndi kutopa. Analowa m'nyumba kukagona, ndipo agogo anatiuza anafe kuti tisacite phokoso kuti amalume apumule. M'mawa sanadzuke. Pamaliro panamveka zonong'onezana zambiri, ndipo mabanja awiri sanalankhulane kwa zaka zingapo cifukwa ca kuganizirana ufiti. Ndinakula ndi funso mumtima kufikira pamene dokotala wina anandifotokozera cimene cimacitika kawirikawiri m'ngozi zotere.

Ubongo uli m'cibade colimba cimene sicitambasuka. Mutu ukagunda, kamtsempha ka m'kati kakhoza kuduka, ndipo magazi amayamba kudontha pang'onopang'ono pakati pa cibade ndi ubongo. Poyamba malo alipo, ndiye cifukwa cake munthu amadzuka, nalankhula, nayenda bwinobwino. Pakapita maola angapo magaziwo amaculuka nayamba kupanikiza ubongo, ndipo munthu amayamba kuodzera. Ife timaona ngati ndi tulo, koma ndi kukomoka kumene kuli kudza. Madokotala akhoza kutsegula cibade ndi kucotsa magaziwo, ndipo ambiri amacira, koma pokhapo ngati wodwala afika nthawi ikalipo.

Motero munthu aliyense amene wagunda mutu nakomoka, ngakhale kwa kamphindi, apite kucipatala tsiku lomwelo, afune asafune. Cimodzimodzinso amene sakumbukira mmene wagwera, amene afunsa funso limodzi mobwerezabwereza, amene asanza, amene mutu wake ukulirakulira kupweteka, amene agwa khunyu, amene atuluka magazi kapena madzi oyera m'khutu kapena m'mphuno, ndi amene mbali imodzi ya thupi yafooka. Amene waoneka kuti alibe zizindikilo izi, ngakhale amene wabwezedwa kunyumba ndi a cipatala, asagone yekha kwa masiku awiri. Pakhale munthu womuyang'anira amene adzaona ngati adzuka bwino ndi kuyankha zomveka. Kwa okalamba ndi kwa okonda mowa, magazi otere akhoza kudontha kwa milungu ingapo. Agogo amene anagwa mwezi watha ndipo lero ayamba kuiwalaiwala, kudzandira kapena kulankhula zosokonekera, musafulumire kunena kuti ndi ukalamba kapena alodzedwa. Kauzeni a cipatala za kugwa kuja.

Mafupa othyoka sindidzacedwapo. Wogwa panjinga amatsogoza dzanja, ndiye cifukwa cake kawirikawiri pamathyoka pamfundo ya dzanja kapena fupa lija lolumikiza phewa ndi cifuwa. Musakoke, musaongole, musatikite. Mkono upacikeni pacifuwa ndi citenje comangidwa m'khosi. Mwendo uikeni pakati pa nsungwi ziwiri kapena timatabwa mutayala nsalu, ndipo mumange pamwamba ndi pansi pa malo othyokawo, mosathina kwambiri kuti zala zisazizire. Fupa likatulukira kunja, liphimbeni ndi nsalu yoyera, musalibwezere m'kati. Ndidziwa kuti m'midzi yathu muli akatswiri omanga mafupa amene anthu amawakhulupirira, ndipo sindifuna kunyoza munthu. Koma alibe makina oona m'kati mwa thupi, ndipo fupa la mwana likalumikizana mokhota, mwanayo adzatsimphina kufikira ukalamba.

Zilonda zazing'ono za kupalika nazo tisazipeputse. Ndaonapo anthu akuthira dothi, ndowe, phulusa, mafuta a mabuleki, ngakhale madzi a m'batire pabala, poti liume msanga. Zonsezi zimaononga mnofu, ndipo dothi ndi ndowe ndimo mumakhala tizilombo ta kafumbata, matenda aja oumitsa nsagwada ndi msana amene amayamba patapita masiku 3 kufikira 21 ndipo amapha ambiri a iwo amene awadwala. Mankhwala oyamba a bala ndi madzi ambiri oyera ndi sopo. Tsukani kufikira mcenga wonse utacoka, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo pitani kukiliniki akaone ngati mufunika nyeleti ya kafumbata. Amai ambiri analandira katemera ameneyu kusikelo, koma abambo ambiri ciwabayireni ali makanda sanalandirenso. Ngati wakugwetsani ndi galu ndipo wakulumani, tsukani balalo ndi sopo kwa mphindi 15 ndi kupita kucipatala tsiku lomwelo cifukwa ca ciwewe. Mwana amene phazi lake lalowa m'masipoko apite naye ngakhale bala lioneke laling'ono, pakuti mnofu wa kacidendene umafa pambuyo pake ndipo nthawi zina fupa limakhala litang'aluka. Mai wapakati akagwa pakeliyala akapimidwe tsiku lomwelo, osayembekeza kuti aone magazi.

Nanga wovulala apite bwanji, ndipo kuti? Apa ndipo pamene mtunda umatilanga. Kucokera ku Nyimba kufika ku Petauke pali makilomita pafupifupi 70, ndipo midzi ya kwa Luembe, kwa Nyalugwe, kwa Mwape kapena kwa Sandwe ili kutali ndi tala. Wa zilonda zazing'ono apite kukiliniki yapafupi. Koma wa mutu, wa mimba, wa msana ndi wa nchafu afunika cipatala cacikulu: ca boma ca Nyimba, ca mishoni ca Minga, ca boma ca Petauke kapena Kalindawalo General Hospital. Akaona kuti nchito yawakulira, iwo eni amadziwa kutumiza wodwala ku St Francis ku Katete, ku Chipata Central kapena ku UTH ku Lusaka. Ngati kiliniki ili panjira, imani pomwepo, cifukwa anamwino akhoza kuika diripi ndi kuitana ambulansi. Koma tumizani lamya musananyamuke kuti akonzeke. Wa msana kapena khosi agone pa cinthu cathabwa. Zulani citseko ca nyumba, muikepo munthuyo, mumange ndi zitenje, ndipo m'mbali mwa mutu muike nsalu zopinda. Ngolo ya ng'ombe yoyalidwa udzu, kapena njinga ya ambulansi m'midzi imene ilipo, ndi yabwino koposa kukhazika munthu wotere pa njinga yamoto pakati pa anthu awiri, mutu uli kugwedezeka pa bampu iliyonse.

Pali zinthu ziwiri zimene zimacedwetsa ulendowu. Coyamba ndi ndalama. Ambiri akali ndi mantha a masiku aja a malipiro, koma Boma linacotsa malipiro m'zipatala zake za kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 linawacotsa pa cithandizo coyamba m'dziko lonse. Ndalama ya galimoto ikasowa, a nyakwawa kapena akulu a mpingo aimire banjalo, ngongole idzakambidwe pambuyo. Caciwiri ndi cikhulupiriro cakuti wovulala pa ngozi ayenera kuyamba wapita kupolisi kukatenga kalata. Kalata ya apolisi ndi yofunika pa mlandu, koma siiletsa magazi. Wodwala atsogole kucipatala, mbale wina apite kupolisi. Ndapezapo anthu atakhazika wodwala pabenchi kudikira kalata, ndipo ndinawafunsa ngati kalatayo adzaiwerengera kumanda.

Ngati wa njinga wagundidwa ndi galimoto, lamulo la pamseu likakamiza dalaivala kuima ndi kukanena kupolisi, ndiponso galimoto iliyonse iyenera kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu amene yawavulaza. Motero lembani nambala ya galimotoyo, ngakhale pamcenga kapena padzanja, mudziwe anthu awiri kapena atatu amene anaona, ndipo muitane apolisi pa 991 kapena a RTSA pa 983. Musaongole njingayo apolisi asanaione. Ndalama zimene dalaivala angapereke pamseu kuti nkhani ithere pomwepo zimaoneka zambiri pa tsikulo, koma sizidzakwana pamene munthu wagona miyezi itatu osagwira khasu. Musasaine kapena kudinda cala pa pepala lililonse dokotala asanalankhule.

Ndiyenera kunenanso cina cimene ena sadzakondwa naco. Madalaivala ambiri amathawa cifukwa ca kuipa mtima, koma enanso amathawa cifukwa amatiopa. Adziwa kuti akaima, miyala ndi zibonga ziwapeza asanatsegule pakamwa. Mkwiyo ndi womveka pamene mwana wa m'mudzi wagona pamseu. Koma taganizani: pamalo amene ambulansi ili kutali maola awiri, galimoto imene ili pafupi koposa zonse ndi ija yamgunda. Tikaswa magalasi ndi kumenya dalaivala, taononga ambulansi yathu, taonjeza wodwala waciwiri, ndipo tadzitengera mlandu wa kupolisi. Akulu a m'midzi ya m'mbali mwa mseu, gwirani anyamata anu. Nawonso acinyamata a malamya ojambula, jambulani nambala ya galimoto ndi mmene njinga yagonera, osati nkhope ya wovulala. Si ulemu kuti mai adziwe za ngozi ya mwana wake poona cithunzi pa WhatsApp.

Ndinalonjeza kubwerera ku nkhani ya kuphunzira. Zimene ndalembazi munthu akhoza kuziwerenga namvetsa, koma pa tsiku la ngozi manja amanjenjemera, ndipo amacita bwino okhawo amene anayesapo. Bungwe la Zambia Red Cross Society limaphunzitsa cithandizo coyamba, ndipo pafupi ndi kiliniki iliyonse pali makomiti a za umoyo a m'midzi amene amakumana ndi anamwino. Ndipempha a Mfumu Yaikulu Kalindawalo, a Mfumu Ndake ndi mafumu ena onse a Petauke ndi Nyimba, pamodzi ndi makhansala, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo, kuti apemphe maphunziro otere afike m'midzi, poyambira ndi midzi ya m'mbali mwa mseu waukulu. Oyamba kuphunzira akhale anyamata onyamula anthu panjinga, okonza njinga pansi pa mitengo ya m'misika, ndi amai ogulitsa nthoci ndi nshawa pa masiteshoni, cifukwa ndiwo amayamba kufika pamalo a ngozi. Tsiku limodzi la maphunziro likwanira kuti munthu adziwe kugwira mutu, kupsinja bala ndi kutembenuza wokomoka.

Pakali pano, m'sabata ino, nyakwawa aliyense aitane anthu ake nawafunse mafunso atatu: nambala ya lamya ya namwino wa kiliniki yathu ali nayo ndani, mwini ngolo kapena galimoto amene tingamdzutse usiku ndani, ndipo citseko cimene tidzazula ndi ca nyumba ya yani. Mayankho alembedwe papepala, limodzi likhale kwa a nyakwawa, lina likhomedwe pagolosale kapena pacigayo pamene aliyense angaliwerenge.